Polowera Lole, Podutsa Madzi

Nyumba zambiri za m'mphepete mwa msewu kuno ku Wimbe zili ndi polowera pamene eni ake anapimira njinga ndi ngolo. Pakati pa msewu ndi bwalo pali ngalande, ndipo pamwamba pake amagonekapo mitengo ya bulugamu kapena kuikamo mapaipi awiri a simenti okwirira ndi dothi. Miyezi yambiri pamakwanira. Pamachepa msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, lole ikamafunika kufika pachigafa kudzanyamula mabelo. Ikalephera kukhota, anyamata amasenza belo lolemera pafupifupi makilogalamu 100 mpaka kumsewu, ndipo sasenza mwaulere.

Ife tinachokera ku Nkhotakota kudzaphunzitsa madrasa, ndipo fodya sitilima, ngakhale tili pabwalo limodzi ndi banja lolima. Chimene chinatigwirizanitsa nawo pa zokulitsa polowera ndi jeneza. Onyamula amayenda mbali zonse ziwiri, ena akulandirana mapewa, ndipo pa kamlatho ka mamita 2 amene ali kumphepete amaponda m'ngalande. Tinaganiziranso galimoto yodzatenga wodwala usiku wamvula.

Njira yachidule aliyense amaidziwa: kuthira dothi ndi zidutswa za njerwa m'ngalande mpaka pafanane ndi msewu. Ndi ntchito ya tsiku limodzi, yosafuna simenti. Koma madzi a mu Januwale sasiya ulendo chifukwa wina watseka njira yawo. Amakwera pamsewu n'kuukumba, kapena amakhotera kubwalo la amene ali kumunsi, n'kukanyowetsa maziko a nyumba ya zidina. Inu akunyanja mumazolowera mchenga umene umamwa madzi msanga. Kuno dothi likagangatika ndi matayala, silimwa kanthu.

Ngalandeyo si yathu, ngakhale ili pakhomo pathu. Pa msewu waukulu ngati M18, wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati ndi malo a msewu, ndipo amayang'anira ndi a Roads Authority. Misewu ya m'midzi imagwa m'manja mwa khonsolo. Ku England munthu sangagwetse mpanda wa konkire wa m'mbali mwa msewu kuti galimoto yake izilowa bwino asanalandire chilolezo cha khonsolo. Lamulo lotere si lachilendo kwa wophunzira fiqh. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anagamula kuti anthu akasemphana pa kukula kwa njira, ikhale ya mikono 7, ndipo akatswiri a Sharia amene analola munthu kutulutsira denga kapena khonde panjira ya onse anaika malire akuti odutsa asapwetekeke nazo.

Choncho tinayamba ndi a mfumu, kenako mayi wamasiye wa nyumba ya kumunsi, amene anangofunsa funso limodzi: madziwo adzatulukira pati? Tinagula mapaipi ena atatu, kukamwa kwake kofanana ndi akalewo, pakuti paipi yaing'ono pakati pa zazikulu ili ngati kutseka komwe. Mmisiri anawayala mopendekera pang'ono kumunsi, anamata polumikizira, namanga kakhoma ka njerwa zowotcha kumapeto konse kuti dothi lisagumukire mkati. Woyendetsa lole wina ndiye anatilangiza mbali yoti tikulitse: matayala a kumbuyo saponda m'mapazi mwa a kutsogolo, amadula ngodya, ndipo ndi amene amaswa milomo ya mapaipi. Tinawonjezeranso dothi pamwamba kuti kulemera kusagwere pa simenti penipeni.

Kalavati yaitali imatsekeka msanga kuposa yaifupi, ndipo khasu silifika pakati pake. Novembala aliyense, mvula isanagwe, ana a madrasa akaweruka amabwera ndi nsungwi ziwiri zomangiriza. Chaka chatha anatulutsa majumbo, mapesi a chimanga, botolo la mankhwala a fodya ndi silipasi imodzi imene mwini wake anali pakati pawo.