Kapikuleni ku Dar, Koma Mutsikeko pa Mikumi

Funsani mayi aliyense wogulitsa zitenje mu msika wa Lilongwe, kapena mnyamata wa nsapato ku Limbe, za ulendo wa ku Dar es Salaam. Akulakatulirani zonse ngati katekisimu. Akuuzani za makhotakhota a pa Chiweta, za mzere wa pa chipata cha Songwe, za anyamata osintha ndalama pa Kasumulu, za chisanu cha pa Makambako, mpakana sitolo ya ku Kariakoo yomwe imatsitsako mtengo ukatenga katundu wambiri. Koma mufunseni zomwe adaona pa Mikumi. Ambiri angokuseka n'kunena kuti pamenepo paja amakhala ali m'tulo.

Abale inu, apa ndiye pagona nkhani. Msewu womwe timayendamo mwezi ndi mwezi uja umadula pakati penipeni pa nkhalango yosungiramo nyama, mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Azungu amachoka ku Germany ndi ku America, kulipira ndege, kulipira hotela, kuti adzaone zomwe ife timazidutsa titafunda chitenje kumutu. Ine ndayendamo mu msewu umenewu, ndipo ndati ndikuuzeni momwe munthu wa geni angaperekere tsiku limodzi kwa njovu popanda kuluma mpamba.

Paki ya Mikumi idakhazikitsidwa mu 1964, chaka chomwe ife tidalandira ufulu wodzilamulira. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 3,230, ndipo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Dar. Msewuwu udakula chifukwa cha ndale. Ian Smith atapanduka ku Rhodesia mu 1965, dziko la Zambia lidasowa potulukira, ndiye lidatembenukira ku doko la Dar: paipi ya mafuta ya TAZAMA mu 1968, msewu wa tala, kenaka njanji ya TAZARA yomwe Matchaina adamaliza mu 1975. Ife tidalowa m'gulumo m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatitsekera Beira ndi Nacala. Lero matanka a mafuta athu, malole a feteleza ndi mabasi a amayi a zitenje zonse zimathithikana m'njira yomwe eni ake enieni ndi mbidzi.

Tiyambe ndi njira yaulere, poti ndikudziwa kuti ndi yomwe mukuidikira. Pogula tikiti pemphani mpando wa pawindo, ndipo funsani bwino nthawi yomwe basi idzadutse pa Mikumi. Kale mabasi ku Tanzania sankaloledwa kuyenda usiku, koma kuyambira mu 2023 boma lidawalola, moti mutha kudutsa nkhalango yonse mukuona mdima wokhawokha. Mukamapita ku Dar khalani mbali ya kumanzere, pobwera kumanja, chifukwa dambo lalikulu la Mkata, komwe nyama zimakonda kudya, lili kumpoto kwa msewu. Dalaivala sangathamange ngakhale atafuna. Mabampu ngosayamba, ndipo m'mbali mwa msewu aikamo zikwangwani zojambula nyama, pansi pake alembapo chindapusa cha munthu woigunda, m'madola. Mtengo wa kadyansonga mmodzi ungagule katundu wa mabenchi angapo a mu Tsoka. Mukadutsa masana simungalephere kuona nswala, mbidzi ndi anyani. Mwayi ukakhala wanu, njovu idzaima pakati pa tala ngati wapolisi wa pamsewu, mabasi ndi matanka onse chete mpaka iyo itakhuta maganizo.

Chenjezo kwa a chikhodzodzo chofooka: anzathu a Chiswahili amati kuchimba dawa akafuna kunena zoima patchire kuti anthu akadzithandize. M'kati mwa paki mulibe zimenezo. Kondakitala adzakuyang'anani ngati mwapenga. Komanso musaponyere anyani nthochi pawindo. Adazolowera kale kukhala m'mphepete mwa tala kudikira zotsala, ndipo ambiri amafera pomwepo, kupondedwa ndi malole.

Koma kunena zoona, zapawindo zili ngati mtedza wolawa pa msika. Ukufuna kuyang'anitsitsa, basi yapita, mutu wa mnzako wakutchinga, pa sikirini pakulira nyimbo za Bongo. Wofuna kuona bwino atsike.

Funso lalikulu ndi lakuti utsike liti, popita kapena pobwera? Ine ndikuti pobwera, ndipo sindikukayika. Popita mumakhala mwamanga mpamba wonse m'chiuno, mtima uli m'mwamba, aliyense wokumwetulirani mukumuona ngati wakuba. Munthu wotero sangasangalale ndi mvuu. Komanso ndalama ya m'manja imanyenga, uyamba ndi nyama yootcha, uthera ku chipinda chodula, pofika ku Kariakoo katoni imodzi ya masilipasi yatha. Pobwera ndalama imakhala itasanduka katundu. Ambiri a inu simukweranso ndi mabelo m'basi, mumapakiza pa lole n'kutenga lisiti. Loleyo imatenga masiku kuti ifike pa Songwe. Nanga m'malo mokagona pa benchi ku Kasumulu kuidikira, bwanji tsiku limenelo osalidyera pa Mikumi? Amene muli ndi katundu m'manja, iyi nkhani si yanu ulendo uno. Kutsitsa mabelo asanu pakati pa njira, kuwalondera usiku, kukwezanso mawa, n'kudzifunira matenda a mtima.

Kafikidwe n'kosavuta. Mabasi a kumtunda adachoka ku Ubungo, kuyambira mu 2021 amanyamukira pa depoti ya Magufuli ku Mbezi. Kwerani ya m'mawa yopita ku Iringa kapena ku Mbeya, muuze kondakitala kuti mutsika pa tauni ya Mikumi. Njira ina ndi sitima ya magetsi yomwe idayamba kuyenda mu 2024, imene imafika ku Morogoro pa maola awiri okha. Kuchoka apo mupite pa depoti ya Msamvu, mabasi ang'onoang'ono a ku Mikumi ali mbwee. Mukamachokera ku Dar mumayamba mwadutsa paki yonse ndi chipata chake, kenaka n'kufika pa tauni. Tauniyo ndi ya madalaivala a malole, ngati Mwanza kapena Dedza, choncho malo ogona a mtengo wa munthu wamba alipo ambiri. Onani chipinda musanalipire, yesani loko, funsani neti ya udzudzu. Chakudya ndi mpunga, nyama yootcha, tchipisi chokazingira limodzi ndi mazira, ndi nsima yawo ija yolimba ngati njerwa.

Tsopano za ndalama, ndipo apa khalani pansi. Mmalawi safuna visa polowa m'Tanzania, pasipoti basi. Koma pa chipata cha paki ubale wa SADC sugwira ntchito. Mtengo wotsika ndi wa nzika za maiko a bungwe la East African Community, monga Kenya ndi Uganda. Malawi mulibe m'menemo, ndiye iwe wa ku Ndirande umalipira chimodzimodzi ndi mzungu wa ku London. M'zaka zapitazi mtengo wakhala madola 30 munthu wamkulu, pamwamba pake msonkho. Ndi momwe kwacha idagwera mu Novembala 2023, ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndalama imeneyo si yoseka nayo. Pa chipata salandiranso ndalama ya m'manja, amafuna khadi ya ku banki kapena kulipira kudzera pa nambala ya boma. Chapafupi n'kupereka mashilingi kwa mwini galimoto yomwe mwachita hayala kuti akulipirireni, koma muone lisiti ndi maso anu.

Galimoto ndiye imadya kwambiri, poti wapansi salowa. Pa tauni pali anyamata a magalimoto otsegula pamwamba, ndipo amatchaja galimoto yonse, kaya muli awiri kaya asanu ndi mmodzi. Nzeru ndi yomwe mumachita kale pochita hayala lole: sonkhanani. Kambiranani usiku womwewo, mumvane ngati mtengowo ukuphatikiza mafuta ndi msonkho wa galimoto pa chipata, mumvanenso maola. Kunenerera mtengo sindingakuphunzitseni inu, ndi ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku.

Ife tidalowa dzuwa likungotuluka, tili asanu, amayi atatu a ku Mzuzu, bambo wina wa zipangizo za njinga, ndi ine. Titangochoka pa tala phokoso la malole lidazilala, n'kutsala mphepo ndi mbalame. Dambo la Mkata ndi lalikulu mochititsa mantha, udzu wofiirira mpaka komwe maso alekeza, mapiri atazungulira patali. Choyamba kutilonjera zidali njiri, zikuthawa michira ili njo ngati mawaya a wailesi. Kenaka nyumbu ndi mbidzi zosakanikirana, ndi gulu la njati lomwe poyamba ndidaliyesa miyala yakuda. Njati ikakuyang'ana imachita ngati uli nayo ngongole ya chaka chatha.

Koma chomwe chidatitseka pakamwa tonse ndi kadyansonga, amene ena amati nyamalikiti, eni dziko amati twiga. Pa chithunzi amaoneka ngati choseketsa. Pafupi ndi nkhani ina. Adatulukira kuseri kwa mtengo wa minga, atatu, akuyenda mosafulumira ngati akazi a mfumu, mwendo wakutsogolo ndi wakumbuyo wa mbali imodzi ukuyendera limodzi. Wamkulu adaima, kutiyang'ana kuchokera kumwambako, akutafuna. Mmodzi wa amayi aja, munthu wazaka zoposa 50 amene wadutsa msewuwu kwa zaka zambirimbiri, adangogwira pakamwa n'kuyamba kuwerengera maanga a chikopa chija, ati akufuna chitenje chotero. Nyamayi ku Tanzania ndi chizindikiro cha dziko, n'chifukwa chake mumaiona pa mchira wa ndege zawo.

Pafupi ndi chipata pali maiwe a mvuu, ndi amodzi mwa malo ochepa omwe amalola munthu kutsika m'galimoto. Fungo lake lokha likuuzani kuti mwafika. Njovu tidazipeza zili ndi ana, dalaivala adazimitsa injini n'kutiuza kuti tisakweze mawu, ndipo kwa nthawi yoyamba pa ulendo wonse amayi a ku Mzuzu adakhala chete. Mkango sitidauone. Madalaivala amaimbirana mafoni wina akaupeza, tidazungulira mpaka dzuwa lidafika pamutu, koma mwini tchire sadafune alendo tsiku limenelo. Wina akakulonjezani mkango musanalipire, dziwani kuti akukugulitsani mphepo.

Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira Juni mpaka Okutobala, pamene udzu wafupika ndipo nyama zimasonkhana pomwe patsala madzi. Malichi mpaka Meyi ndi mvula yaikulu, timisewu ta m'kati timasanduka phala. Disembala musaganizeko n'komwe, ndi mwezi wanu wokolola pa msika.

Wina anena kuti nanga kwathu kulibe njovu? Zilipo, ndipo kwathu Mmalawi amalipira makwacha ochepa. Ku Liwonde ziliko zambiri moti mu 2016 ndi 2017 adasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera kumeneko ndi ku Majete kupita nazo ku Nkhotakota. Ku Majete adabweretsako akadyansonga mu 2018. Wofuna kutengera ana ndi akazi kokaona nyama apite kumeneko, ndi kotchipa. Vuto n'lakuti wa geni akakhala kwawo sachoka pa benchi. Loweruka ndi tsiku la malonda, Lamulungu ndi tchalitchi ndi kuchapa. Ndi angati mwa inu a mu msika wa Zomba amene mudalowapo m'paki ya Liwonde, yomwe ili pakhomo pomwepa? Pa Mikumi mwafika kale, thiransipoti mwalipira kale, benchi mwasiyira kale mphwanu.

Musanagone pa tauni, konzeranitu basi ya mawa. Mabasi ochokera ku Dar amafika pamenepo atadzaza, ndiye pitani kwa ma ajenti a m'mbali mwa msewu akusungireni mpando, ndipo musadabwe akakutchajani pafupifupi mtengo wa ulendo wonse. Samalani ndi nthawi. Wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, komanso pa Chiswahili tsiku amayamba kuliwerenga m'mawa. Akati saa moja asubuhi akunena 7 koloko m'mawa, saa sita ndi 12 koloko. Muuzeni ajenti akulembereni pa tikiti m'manambala, kenaka mufunsenso kachiwiri.

Ukachoka pa Mikumi msewu umatsata mtsinje wa Ruaha m'chigwa chodzaza milambe, yambirimbiri, mpaka pa Ruaha Mbuyuni, dzina lomwe likutanthauza kuti pa milambe. Apa anyezi amaunjika m'mbali mwa msewu pa mtengo wokugwetsa m'mayesero. Gulani wa ndiwo za pakhomo. Wofuna matumba ayambe wafunsa malamulo a pa chipata, poti mu 2025 maboma awiriwa adakokanakokana pa nkhani ya zokolola, katundu wa anthu n'kuonongekera pa Songwe asanagwirizane. Kutsogolo kwake kuli phiri la Kitonga, mkulu wake wa Chiweta, komwe malole amakwera ngati akukwawa. Pamwamba pake ndi Ilula wa matimati, kenaka Iringa, ndipo juzi lanu likhale pafupi chifukwa Mafinga ndi Makambako sizidziwa kuti mwachokera kotentha.