Pampu ya Pachitsime: Manja Athu Kapena a Mmisiri?

Ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja tinkawaona madzi ngati chinthu chongopezeka, monga mphepo ya mwera. Ku Lilongwe tinadzaphunzira kuti madzi ali ndi nthawi yake, mzere wake ndi mtengo wake. Mzindawu umamwa mtsinje wa Lilongwe kudzera m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo anthu achuluka kuposa mmene mapaipi angakwanitsire. Dzuwa la Okutobala likafika, mpopi wa ku Area 23 kapena ku Chinsapo umatha kungopuma mpweya tsiku lonse, amayi n'kulawirira ku kiyosiki nthawi ya Swala ya Subuhi isanakwane.

Banja la Chisilamu limamva vutoli kuposa ena. Pamwamba pa kumwa, kuphika ndi kuchapa, pali wudhu, pali kudziyeretsa pochoka kuchimbudzi, pali kusamba kwa janaba, ndipo tsiku la maliro pali kusambitsa mtembo. N'chifukwa chake kuseri kwa nyumba zambiri za abale athu kuli chitsime chokumba pamanja. Chimayamba ndi chingwe ndi ndowa. Kenako mwana amene ali ku Johannesburg amatumiza kandalama kuti mayi ake asamathyoke msana, ndipo nkhani ya pampu imayamba. Funso limafika kwa ife aphunzitsi a madrasa pambuyo pa Jumu'ah, ngakhale kuti ku koleji tinaphunzira fiqh osati mapaipi: tiike tokha, kapena tiitane mmisiri amene akutchula ndalama yofanana ndi mtengo wa pampuyo?

Amene akufuna kuika yekha sitimuseka. Pampu yopopa pamanja yotchedwa Afridev, imene ili pa mijigo yambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, inapangidwa dala kuti anthu wamba aziikonza okha, ndipo mbali ina ya ntchito yoyesa mapangidwe ake inachitikira kuno ku Malawi m'zaka za m'ma 1980. Anthu awiri okhala ndi sipanala ndi kachitsulo kowedzera akhoza kuzula ndodo zake, kusintha labala yotha, n'kubwezeretsa zonse dzuwa lisanapendeke. Ambiri a ife tinaona makomiti a mijigo akuchita zimenezi kumudzi, amayi ali patsogolo. Mnyamata wa ku Kawale amene amamasula injini ya njinga yamoto n'kuibwezera sangalephere kumanga thanki pansanja kapena kulumikiza paipi yopita kubafa. Kumuletsa n'kumuphunzitsa ulesi, ndipo ndalama yopulumukayo ndi fizi ya mwana.

Koma zonsezi ndi ntchito zooneka ndi maso. Ukalakwitsa, madzi amadontha, umaona, umakonza. Chitsime chili ndi mbali ina imene kulakwitsa kwake sikuoneka mpaka wina atagona pa mphasa.

Choyamba ndi malo. Alangizi a zaumoyo amanena kuti chitsime chitalikirane ndi chimbudzi chokumba ndi mamita osachepera 30, ndiponso chikhale kumtunda kwake. Amene anafikako ku Mgona akudziwa kuti mamita 30 kumeneko ndi mabanja angapo, lililonse ndi chimbudzi chake. Mpanda wa njerwa umalekanitsa mapuloti pamwamba pokha. Pansi pa nthaka madzi sadziwa malire. Chachiwiri ndi pakamwa pa chitsime. Ngati mamita oyambirira sanamatidwe bwino ndi simenti, ngati chivundikiro chili ndi mpata podutsa paipi, ngati palibe konkire yotsetsereka ndi kangalande kotaya madzi kutali, ndiye kuti mvula yoyamba ya Novembala imakokolola zonse za pabwalo n'kuzitsitsira m'madzi akumwa. Pampu imapopa zimene yapeza.

Apa pali chinthu chimene timachinena mosamala m'kalasi. Malinga ndi madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife tinaleredwa nawo, madzi ofika muyezo wa qullatayn, womwe ndi pafupifupi malita 200, sasanduka najisi pokhapokha nyansi itasintha mtundu, fungo kapena kakomedwe kake. Lamuloli ndi chifundo, limatichotsera kukayika pa ibada. Koma likuyankha funso la twahara, silikuyankha funso la matenda. Madzi akhoza kukhala oyera mbee, opanda fungo, ololedwa kuchitira wudhu, koma ali ndi tizilombo ta kolera. Tonse tikukumbukira mliri umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022: anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira, ndipo Lilongwe ndi Mangochi anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno zinachedwa kutsegulidwa. Munthu wa wudhu amachukucha m'kamwa ndi kulowetsa madzi m'mphuno kangapo pa tsiku. Diso la shehe silingaone chimene chimaoneka ku labotale kokha.

Pampu ya magetsi yomira m'madzi, imene ambiri akuikonda masiku ano, ili ndi misampha yakeyake. Wogulitsa m'sitolo amakondwa kukupatsa yamphamvu kwambiri, koma zitsime zambiri za m'makomo muno zimadzaza pang'onopang'ono. Pampu yaikulu imamaliza madzi m'mphindi zochepa, n'kupitiriza kuzungulira pouma, ndipo popeza madzi omwewo ndiwo amaiziziritsa, imapsa. Ikatsitsidwa mpaka pansi penipeni imayamwa mchenga. Ikapachikidwa pamwamba imalendewera m'malere chilimwe chikafika. Mmisiri weniweni amayamba wayeza kuya kwa chitsime, pamene madzi alekezera, ndi nthawi imene amatenga kuti abwerere atapopedwa, kenako n'kutchula pampu yoyenera. Amaika kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatsika, ndi kena koiteteza magetsi a ESCOM akabwera mwamphamvu atazimazima.

Nanga waya? Polumikiza pake pamakhala m'madzi zaka ndi zaka. Tepi yakuda imene timakulungira waya wa wailesi siigwira ntchito pamenepo. Pakalowa madzi, ndipo palibe waya wopita m'nthaka kapena chodula magetsi chikamva kuti akutayika, mpopi wachitsulo umasanduka msampha, ndipo woyamba kuugwira m'mawa nthawi zambiri ndi mwana wopanda nsapato, atayima ponyowa. Za kutsikira m'chitsime sitifuna n'komwe kukambirana. Pansi pa dzenje lakuya mpweya umatha kukhala woipa, makamaka ngati pafupi palizidwa injini ya petulo, ndipo wotsikira kukapulumutsa mnzake amakomoka chimodzimodzi. Okumba zitsime akale ankayamba atsitsa nyali yoyaka. Ikazima, tsiku limenelo salowa.

Tisanamizane kuti aliyense wonyamula chikwama cha zipangizo ndi mmisiri. Tamva madandaulo ambiri: wina analandira theka la ndalama foni n'kuzima, wina anaika pampu yakale ataipaka penti, wina anakumba mu Febuluwale madzi ali pafupi, chitsime n'kuuma mu Seputembala. Kuitana mmisiri sikukuchotsera udindo mwini nyumba. Safunsa anadya phula. Tipite tikaone chitsime chimene iye anachigwira chaka chatha, tifunse eni ake mmene chinachitira m'chilimwe. Pangano lilembedwe, ndi mboni: pampu ya mtundu wanji, itsika mamita angati, ikawonongeka m'miyezi yoyamba akonza ndani. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, m'Surat Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni, koma n'zodabwitsa kuti ife omwe timaiwerenga mu Tarawih timachita manyazi kutulutsa pepala pamaso pa pulambala. Iye akamaliza bwino, naye alipidwe tsiku lomwelo, osamuyendetsa.

Amene akufuna mjigo weniweni woboola ndi makina adziwenso kuti lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority, imene imapereka chilolezo choboola ndi kulembetsa oboola. Mumzinda, m'dera la Lilongwe Water Board, ndi bwino kufunsa kumaofesi amenewa galimoto ya makina isanalowe pageti.

Chimene chimatikakamiza kulemba zonsezi n'chakuti chitsime cha Msilamu sichikhala cha banja limodzi. Uthman ibn Affan (Allah asangalale naye) anagula chitsime cha Rumah ku Madina n'kuchipereka kuti aliyense atunge, ndipo chitsanzo chimenecho chili m'magazi mwathu. Mpopi wa Board ukauma, pageti pamaima mzere wa zigubu: Msilamu, Mkhristu, mwana wa alendi a nyumba yoyandikana. Sitiwabweza, ndipo timayembekezera malipiro a swadaqa yopitirira. Koma anthu amenewa satifunsa kuti chimbudzi chili mamita angati, kapena waya analumikiza ndani. Amangokhulupirira. Munthu akhoza kuyesa mwayi ndi ndalama yake. Moyo wa mwana wa mnzake ndi amana.

Pamzikiti wathu tinagawana ntchito motere. Kuyeza chitsime, kumata pakamwa pake, kutsitsa pampu ndi zonse za magetsi tinapatsa mmisiri, anyamata athu atatu ataima pambali pake kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akufunsa ndi kulemba m'kope. Nsanja ya thanki, mapaipi opita pochitira wudhu ndi ngalande tinamanga tokha Loweruka ndi Lamlungu. Mlangizi wa zaumoyo anatisonyeza kathiridwe ka klorini, ndipo ndowa ya madzi akumwa a ana a madrasa imathiridwa mankhwalawo m'mawa uliwonse, ngakhale madzi ataoneka oyera bwanji. Kope lija limakhala m'kabati ya Misahafu, ndipo patsamba loyamba palembedwa kuya kwa chitsime, pamene pampu yalekezera, ndi tsiku loyezanso madzi mvula ikayamba.