Chotsala Chipite kwa Yani?

Pa zaka zonse zimene ndinagwira choko, phunziro limene linkasautsa ana koposa linali la kugawa. Tsiku lina ndinalowa m'kalasi ndi manachesi khumi ndi limodzi, ndipo ndinaitana ana atatu kuti agawane. Aliyense anatenga atatu, awiri n'kutsala patebulo. Pamenepo mkangano unabuka. Mnyamata wamkulu anati otsalawo ngake chifukwa cha msinkhu. Mtsikana wina anati amachokera kutali, kotero njala yake inali yoposa. Wachitatu anangoti tiwaduledule.

Manachesi aja ndinadzawakumbukira nditapuma ntchito, pamene ndinamva abambo ena pamsika wa pa Neno akudandaula kuti boma lathu lili ndi aphungu ochepa. Boma la Neno linapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, ndipo pa zisankho za 2019 linali ndi madera awiri a aphungu. Nditafika kunyumba ndinatenga pensulo kuti ndione ngati dandaulolo linali loona.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'Malawi muno, ndipo nthawi imeneyo Nyumba ya Malamulo inali ndi mipando 193. Tikagawa, tipeza kuti mpando umodzi unkaimira anthu pafupifupi 91,000. Ku Neno kunapezeka anthu 138,291. Gawani nokha: yankho lake ndi mpando umodzi ndi theka. Nachesi amadulika, koma phungu sangadulidwe pakati. Kutipatsa mmodzi kukanakhala kutimana, pomwe kutipatsa awiri kunali kutiwonjezera pang'ono. Ndinadabwa kuona kuti masamu sanali kumbali ya abambo aja.

Vuto la chotsalali silinayambe ndi ife. M'chaka cha 1792, Alexander Hamilton wa ku America anapereka njira iyi: chigawo chilichonse chiyambe chalandira mipando yathunthu imene yatuluka pogawa, kenaka mipando yotsala ipite kwa amene chotsala chawo n'chachikulu. Njirayi imamveka yachilungamo, komabe Pulezidenti George Washington anakana kusayina lamulo lake. Patapita zaka anthu anaitsata ndithu, koma atachita kalembera wa 1880 anatulukira chodabwitsa: mipando ikakhala 299, chigawo cha Alabama chinkalandira 8, koma ikakhala 300 chinkalandira 7. Mtanda wa nsima wakula, gawo la mwana lachepa! Pambuyo pake akatswiri awiri a masamu, Michel Balinski ndi Peyton Young, anatsimikiza kuti palibe njira yogawira mipando yopanda chilema chilichonse.

Nanga kwathu kuno timatani? Gawo 76 la Malamulo Oyendetsera Dziko limalamula bungwe loyendetsa zisankho kuti lidule malire mosakondera, kuti madera akhale ndi anthu oyenera kuvota ofanana ndithu kuchuluka kwake. Koma limalolanso kuganizira kuthithikana kwa anthu, kayendedwe, mapiri ndi mitsinje, ndiponso malire a maboma. N'chifukwa chake boma la Likoma, limene linali ndi anthu 14,527 okha mu 2018, lili ndi phungu wakewake. Ndani angauze anthu ozingidwa ndi nyanja kuti adikire mpaka atakwana 91,000?

Apa mpamene ndinawamvetsa abambo a pamsika aja. Amene anatsikapo kumapiri a kwa Dambe nthawi ya dzinja, matope ali m'maondo, n'kukafika kuchigwa cha Lisungwi, amadziwa kuti mtunda wa kuno sufanana ndi wa m'tauni. Dandaulo lawo linali ngati la mtsikana wochokera kutali uja. Linali lomveka, koma silinali la chiwerengero, ndipo kunali koyenera kulitchula ndi dzina lake lenileni.

Bungwe loyendetsa zisankho linaunikanso malire, ndipo pa zisankho za 2025 mipando inafika 229. Pogwiritsa ntchito kalembera yemwe uja, mpando umodzi ukuimira anthu pafupifupi 76,700. Koma walira mvula walira matope: phungu aliyense woonjezera amalandira malipiro ochokera m'misonkho yathu, ndipo ngakhale mipando ichuluke bwanji, chotsala sichidzatha.

Kalasi langa lija linathetsa mlandu motere: ana anagwirizana kuti tsiku lina lamulo la otsala lidzapangidwe manachesi asanatuluke m'thumba, pamene aliyense sakudziwa amene lidzamukomere. Inu ophunzira, posachedwapa mukhala ovota. Mukadzamva munthu akunena kuti dera lanu laberedwa kapena lakonderedwa, musadzathamangire kuwomba m'manja. Mudzafunse chiwerengero, mudzagawe nokha, kenaka mudzafunse lamulo limene linatsatidwa popereka chotsala. Chotsala chimenecho ndi anthu, ndipo mwina inuyo muli m'gulu lawo.