Ngolo yako iyambire pa tayala

Kunja kuli anthu ogula galimoto m'zidutswa, kenako n'kumailumikiza okha kunyumba. Ife kuno ku Mangochi tilinso ndi galimoto yathu yopanga tokha. Ndi ngolo. Injini yake ndi abulu awiri, petulo wake ndi udzu, ndipo fakitale yake ndi wowotcherera zitsulo wa pansi pa mtengo wa mango. Koma funso lovutitsa mzungu uja ndi lomwenso limavutitsa ife: kodi ndiikepo matayala otani?

Inu a malonda mukudziwa kuti phindu la usipa limathera pa mayendedwe. Kuchoka padoko ku Makawa kapena ku Msaka kukafika pamsewu wa tala, dengu lililonse lili ndi womusenza, ndipo aliyense afuna yake. Alamu anga atatopa ndi zimenezi anati basi, tikhome ngolo. Ntchito yosaka matayala anandipatsa ine, ati poti ndine wa Fomu 4, manambala ndiwadziwa.

Ndinazungulira ogulitsa matayala a kaunjika pa Mangochi Boma masiku atatu. Aliyense amati lake ndiye dilu. Wina anandionetsa malimu onyezimira ngati mbale za pa ukwati, tayala lake lopyapyala ngati lamba. Mtima unagunda ndithu. Koma bambo wathu wowotcherera anangofunsa mafunso atatu: "Achimwene, mudzanyamula chiyani? Mudzadutsa kuti? Likaphulika, lina mudzalipeza kuti?"

Mayankho ake ali pa tayala pomwepo, olembedwa m'mbali. Tengani lolembedwa 175/70 R14, longa la Sienta zambiri zakale zodzaza m'misewu mwathumu. 175 ndi kufutukuka kwake m'mamilimita. 70 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi magawo 70 pa 100 a kufutukukako. 14 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Nambala ikachepa pakatipo, monga 50 kapena 45, ndiye kuti mphira ndi wochepa pakati pa limu ndi mwala. La mtundu umenewo ndi la anyamata odzionetsera m'tauni. Kwathu kuno limu lipindika sabata isanathe.

Kutsogolo kwa manambalawa kuli inanso imene ambiri saiyang'ana, ya katundu. 82 ndiye kuti tayala limodzi lisenza makilogalamu 475. 84 ndi 500. La minibasi lolembedwa 195 R14C, lokhala ndi 106, limafika 950. Chilembo C chija chikunena kuti ndi tayala la katundu, la khoma lolimba. Ngolo ili ndi matayala awiri okha, ndiye werengerani nokha. Awiri a 82 ndi makilogalamu 950, muchotsepo kulemera kwa ngolo yeniyeniyo ndi woyendetsa. Usipa wouma ndi wopepuka, inde. Nanga tsiku loti mwapeza ganyu ya njerwa, mchenga kapena matumba a chimanga a makilogalamu 50? Ngolo sikana ganyu, abale. Komanso manambalawa ndi a tayala latsopano, la kaunjika musalikhulupirire mpaka pamapeto.

Nanga msewu? Kunyanja kuno mdani ndi mchenga. Tayala laling'ono, monga la 12 kapena 13, limatitimira, abulu n'kumafwenthera pamalo amodzi uku dzuwa la Okutobala likuwotcha. Lalikulu ndi lofutukuka limayandama, ndipo pa dzenje limangodutsa. Mukachepetsako mpweya pang'ono pamchenga, limagwira malo aakulu, ngolo n'kumayenda. Koma kukulitsitsa nakonso n'kulakwa. Muikepo la lole muone: ngolo ikwera m'mwamba, thumba mudzalikweza mpaka pachifuwa, abulu adzakoka chitsulo chokhachokha, ndipo potsetsereka ikhoza kugudubuzika ndi katundu yense.

Chinanso ndi mabowo a limu. Limu ndi ekiselo zili ngati banja, sizikakamizidwa. Corolla yakale ili ndi mabawuti 4, Hilux ya 4x4 ili ndi 6. Ngakhale mabowo atafanana chiwerengero, kutalikirana kwake kumasiyana: ena anayalidwa pa mamilimita 100, ena pa 114.3. Pali amisiri ena amene amakuza mabowo ndi moto kuti limu lilowe. Mukamva zimenezo nyamukani. Gudumu lotero limagwedera, limadya mabawuti, ndipo tsiku lina lidzakupitirirani panjira lokha. Yambani mwagula ekiselo, malimu muyesere pomwepo musanapereke ndalama.

Zaka za tayala nazonso zinalembedwa. Funani manambala anayi ali m'kabokosi m'mbali. 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Wogulitsa akhoza kulipaka polishi, koma chaka sangachifufute. Lipindeni khoma ndi dzanja. Mukaona timing'alu, ndiye kuti dzuwa linadya kale.

Ife tinatenga ekiselo ya pikapu yakale ndi matayala a 195 R14C. Chifukwa chachikulu chinali funso lachitatu lija. Maminibasi akale a pakati pa Liwonde, Mangochi ndi Monkey Bay ambiri amavala saizi yomweyi, ndiye lotha pang'ono silisowa, ndipo womata aliyense ali ndi chubu chake. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala lasanduka katundu wa mtengo wapatali. Kugula saizi yachilendo, yoti ikaphulika mpaka mutumize munthu ku Limbe, n'kudzimangirira wekha. Ngolo ikhala pa njerwa, ana n'kumaseweramo, ngongole ya banki m'khonde ikukudikirani.

Tsono inu amene mukusunga ndalama za ngolo, utoto ndi mawu olemba kumbuyo zidikire. Pitani kwa wowotcherera mutanyamula ekiselo ndi matayala anu, iye ayeze thupi la ngolo kuchokera pamenepo. Ndipo ngati thumba likulola, gulaniko lachitatu lapadera. Minga ya m'njira za kunyanja sidziwa kuti lero ndi tsiku la msika.