Kalata yochokera ku minda ya mphesa

De Doorns, Western Cape

Okondedwa Amayi,

Ife kuno tilipo. Mdzukulu wanu akukula, kungoti chifuwa sichimusiya kukayamba kuzizira. Munandifunsa kuti tikadwala timatani, koma pafoni mayunitsi sachedwa kutha, ndiye ndati ndilembe.

Chigwa chino cha Hex River ndi mphesa zokhazokha, zija zodya, zopita ku Ulaya m'makatoni. Kuyambira Disembala mpaka Epulo timathyola ndi kupakira, dzuwa likuswa mtengo. Zikatha, ambiri ntchito yathera pomwepo. Ochepa ndiwo amatsala kudulira mu Juni ndi Julayi, mvula yozizira ikugwa, mapiri atayera ndi chipale. Ife aganyu lole imatitenga kusanache n'kutibweza madzulo.

Malamulo ake si oipa, Amayi. Ku kiliniki ya boma salipiritsa. Amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 6 amathandizidwa ulere kuyambira mu 1994, nthawi ya a Nelson Mandela, ndipo malamulo aakulu a dziko lino amati wodwala mwakayakaya asabwezedwe, kaya ndi wochokera kuti. Chimatipweteka ndi tsiku limene timataya. Mzere umayamba m'bandakucha, ndipo pofika kwa namwino lole imakhala itapita kalekale. Mu 2025 malipiro otsikitsitsa anafika R28.79 pa ola, choncho kukayezetsa mwana kumadya ndalama yoposa R200, ya ufa ndi lendi. Lamulo limapatsa wantchito watsopano tsiku limodzi lodwala pa masiku 26 aliwonse amene wagwira, koma waganyu angalifunse bwanji, pamene kapitawo akhoza kutenga wina mawa lake? Amene pasipoti yake idatha ndiye amaopa ngakhale kuponda pakhomo pa kiliniki, amangogula panado pashopu.

Chifuwa chachikulu n'chofala kuno, pakuti timagona mothithikana m'timanyumba ta malata. Mankhwala ake ndi a miyezi 6, pamene ntchito ya mphesa sifika pamenepo. Munthu amasamukira ku malalanje ku Citrusdal, mankhwala n'kulekera panjira, matenda n'kubwerera ali okwiya. Odwalitsa amakagonekedwa ku Brewelskloof, ku Worcester. Palinso mankhwala opopera m'minda: ukalowa m'mizere asanaume, maso amayabwa, khungu limatuluka zidzolo. Bungwe la Women on Farms Project la ku Stellenbosch lakhala likumenyera kuti mankhwala oletsedwa ku Ulaya aletsedwenso kuno. Ndikhulupirira kuti zitheka, chifukwa m'tauni muno momwe sitalaka ya mu 2012 inakweza malipiro a tsiku kuchoka pa R69 kufika pa R105.

Koma chimandiliza usiku n'china. Kwathu chipatala chimatha kukhala chopanda mankhwala, ndikudziwa, komabe wodwala sakhala yekha. Wina amamukweza panjinga, wina amaphika phala la mgaiwa, azakhali amagona pansi pambali pa bedi kudwazika, a mvano amabwera kudzazonda. Kuno ukagona, anzako onse ali kumunda, ndipo sungawadandaule, nawonso ali ndi ana odyetsa. Mdzukulu wanu atatentha thupi, ndinalakalaka dzanja lanu pamphumi pake, ndi mawu anu aja akuti asaope, kucha bwino. Akuluakulu sananame: kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Ndamva kuti achimwene akufuna kubwera nyengo ikubwerayi. Sindikuwaletsa, koma muwauze akayezetse kaye, atenge kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo pasipoti ikhale yabwinobwino. Ndalama ndatumizayi musagulire feteleza yonse. Ina musunge ya ulendo wakuchipatala miyendo yanuyo ikayambanso. Mulungu akalola, mphesa zikatha ndibwera naye mwanayu mudzamuone ndi maso anu.

Mupereke moni kwa amalume ndi onse apamudzi. Muzitikumbukira m'mapemphero.

Ndine mwana wanu wokusowani.