Agogo akuti ndanama

Lachiwiri ndinalemba pabolodi mawu oti cidade, pambali pake n'kulemba mzinda. Ndinatchula Maputo, amene ankatchedwa Lourenço Marques mpaka 1976, ndi Ilha de Moçambique, likulu lathu lakale mpaka 1898. Ana a kalasi 5 anakopera bwinobwino.

M'mawa mwake kamtsikana kena kanakweza dzanja: "Aphunzitsi, agogo akuti mwanama. Mzinda ndi kwathu."

Anzake anafa nacho chiseko. Inenso ndinamwetulira, ndipo manyazi akundigwirabe. Kwawoko ndi kamudzi kuseri kwa Ulongue, magetsi kulibe.

Komatu agogowo sanalakwe. Kwa Achewa, mzinda ndi mudzi wa mfumu imene inapatsidwa ufulu wovinitsa gule wamkulu ndi chinamwali. Sawerenga nyumba zosanja kapena misewu ya phula ayi. Amafunsa ngati pali bwalo, ndiponso mwini bwalolo ndani. Kusukulu ya uphunzitsi zimenezi sitinazikambepo, tinkangoti mawu achipwitikizi awa, achinyanja chake awa.

Ndawapempha agogowo kuti abwere kukalasi sabata yamawa. Ati ayambe akafunsa amfumu zimene angathe kunena pamaso pa ana osavinidwa.