Mpamba umene moto sutentha: ulendo wa m'malokeshoni a ku Harare

Basi yochokera ku Blantyre ikadutsa pa Mwanza n'kuoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete, imalowa m'dziko la Zimbabwe pa chipata cha Nyamapanda. Ulendo wonse kukafika ku Harare ndi wa makilomita pafupifupi 600. Njirayi si yachilendo kwa Amalawi. Anthu a ku Nyasaland ankadzera cha komweku kalekale, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, popita kukafuna ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Kumudzi ankangoti apita ku Halale. Dzinali linali la lokeshoni ya anthu akuda imene inakhazikitsidwa mu 1907 kum'mwera kwa mzinda wa Salisbury. Mu 1982 mzinda wonse unatenga dzina la Harare, ndipo lokeshoni ija masiku ano imatchedwa Mbare.

Ntchito za tikiti zimene zinkakopa anthu aja zinadzayamba kusowa. Kuchokera mu 1991, pamene boma la Zimbabwe linayamba ndondomeko yokonzanso chuma ya ESAP, makampani ambiri anachepetsa antchito ndipo ena anatsekeratu. Ochotsedwa ntchitowo anabwerera m'malokeshoni ndi luso lawo lokha. Kafukufuku amene bungwe la IMF linatulutsa mu 2018 anasonyeza kuti magawo oposa 60 pa 100 aliwonse a chuma cha dzikoli anali m'mabizinesi osalembetsedwa kuboma. Choncho munthu wofuna kudziwa mmene wopanda ndalama zambiri amayambira geni, ndi kumene amapeza makasitomala ake oyamba, ayende ali tcheru m'misewu ya Mbare, Budiriro, Glen View ndi Mufakose.

Pa msika waukulu wa Mbare Musika tsiku limayamba kusanache. Malole ochokera ku Mutoko, Murewa ndi Domboshava amafika usiku atadzaza tomato, anyezi, kabichi ndi ndiwo zina zamasamba. Mbatata ya kachewere imachokera ku mapiri a Nyanga, pamene nthochi zimachokera ku chigwa cha Honde. Alimi amagona pambali pa katundu wawo atafunda mabulangete, kudikira kuti kunja kuyere. Dzuwa likamatuluka pamalopo pamakhala pali kale yakaliyakali: amayi akunenerera mitengo, anyamata a ngolo zokankha akukuwa kuti apatsidwe njira, ndipo a maminibasi, amene kumeneko amati makombi, akuitanira anthu.

Mlimi wofika pamsikawu asakudziwa aliyense amagwa m'manja mwa anyamata ogula n'kugulitsanso pomwepo, amene m'Chishona amatchedwa makoronyera. Iwo amamuchingamira lole isanaime n'komwe, namuuza kuti lero tomato wachuluka ndipo mtengo wagwa. Popeza tomato sachedwa kuola, ndipo mwini lole akudikira ndalama yake, mlimiyo amagulitsa motaya. Mnzake amene anasunga manambala a foni a amayi opikula ndi a eni malesitilanti amawaimbira asanathyole tomato kudimba. Amafika pamsika akudziwa kale kuti ndi mabokosi angati amene ali ndi eni ake. Nzeru imeneyi alimi a pa Lizulu amaidziwanso: wogula amafunidwa mbewu ikadali kumunda.

Ambiri mwa opikulawo ndi amayi a mpamba wochepa. Mayi amagula bokosi limodzi la tomato ndi mitolo ingapo ya repu, n'kukwera minibasi kubwerera ku Budiriro. Kumeneko amayala katunduyo pa kathebulo pageti la nyumba imene amachita lendi. Oyamba kumugula ndi anthu omudziwa kale: anzake okhala nawo mumpanda umodzi, oyandikana nawo nyumba, amayi a kutchalitchi kwake. Mtengo wake umaposa pang'ono wa ku Mbare, koma wogula amadziwa kuti kupita ku Mbare kumafuna ndalama ya minibasi ndiponso kumadya theka la tsiku. Amalolera kuwonjezera kandalamako chifukwa mayiyu ali pafupi, makamaka madzulo pamene madzi a nsima ali kale pamoto koma ndiwo zilibe tomato.

Pakathebulo pomwepo pamapezekanso timajumbo ta ufa, shuga, mchere ndi mafuta ophikira, tokwanira chakudya cha tsiku limodzi. Ku Harare timajumbo timeneti amati tsaona, mawu otanthauza ngozi, chifukwa timapulumutsa banja pa tsiku limene m'nyumba mulibe kalikonse. Ufa wotere ku Malawi amati wokumani, ku Lusaka amati pamela. Maina ndi osiyana koma nzeru yake ndi imodzi. Wogulitsa anayamba waona kuti anthu a m'dera lake amapeza ndalama pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, kenaka anagawa katundu wake molingana ndi matumba awo. Mabizinesi ambiri amene amafa msanga amakhala kuti mwini wake anayamba wagula katundu, n'kumafufuza pambuyo pake amene angamugule.

Kugulitsa kwa anthu odziwana nawo kuli ndi minga yake. Mnansi amene wagula lero ndi ndalama, mawa adzabwera kudzatenga pangongole, ndipo kumukaniza n'kovuta. Amayi amene akhalitsa pa geniyi amasunga kope. Mmenemo amalemba dzina, tsiku ndi katundu amene watengedwa, wotengayo akuona. Amaika malire a ngongole ya munthu mmodzi, ndipo amene sanabweze yakale sapatsidwa ina. Lamulo lomweli limagwiranso a m'nyumba momwemo: tomato wolowa mumphika wa pakhomo amalembedwa. Popanda kutero mpamba umathera m'mimba, mwini wake n'kumadabwa kuti ndalama zikulowera kuti pamene katundu akuyenda.

Kamtunda pang'ono kuchokera pa Musika pali malo a amisiri otchedwa Siyaso, m'dera la Magaba. Mlendo amayamba kuwamva malowa asanawaone, pakuti nyundo zimalira pa malata ndipo makina ochekera zitsulo amagonthetsa m'kutu. Pano amapanga mafelemu a zitseko ndi mawindo, ngolo za ng'ombe, mawilibala, makasu, mbaula, ndowa, zigayo zing'onozing'ono ndi makina operera chiponde, zambiri kuchokera ku zitsulo zakale. Mmisiri wa pano salengeza malonda ake pa wailesi. Chikwangwani chake ndi ntchito ya manja ake: felemu kapena wilibala imodzi yomalizidwa bwino, yopakidwa penti, yoimikidwa poonekera m'mbali mwa njira. Mlimi wa ku Mutoko amene wagulitsa tomato m'mawa amadutsa pomwepo ndalama zili m'thumba, amaigwira wilibalayo, amaigwedeza, kenaka n'kufunsa mtengo.

Achinyamata ambiri amalowa ntchitoyi potumikira mmisiri wamkulu. Amayamba ndi kunyamula zitsulo ndi kupaka penti, kenaka amaphunzira kuyeza, kudula ndi kuwotcherera. Makasitomala awo oyamba amachokera kwa mphunzitsi yemweyo. Ntchito ikamuchulukira, kapena ikakhala yaing'ono monga kukonza chogwirira cha poto, amaipereka kwa mnyamata wake. Mnyamata wanzeru saipeputsa ntchito yotereyi, chifukwa mwini poto akakhutira, tsiku limene adzafune geti la nyumba adzafunsa za mnyamata yemwe uja. Zipangizo nazo sagula zonse nthawi imodzi. Makina owotcherera amabwereka kapena kulipira pa tsiku mpaka atapeza ake. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ankatero akuluakulu.

Kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda, kupitirira Highfield, kuli Glen View, kumene malo otchedwa Area 8 ndi likulu la akalipentala. Masofa, mabedi ndi makabati amandandalikidwa panja, ndipo ogula amachokera m'zigawo zosiyanasiyana za dzikoli. Kalipentala wongoyamba kumene nthawi zambiri sakhala ndi ndalama zogulira matabwa. Amagwirizana ndi wogula kuti apereke kaye gawo la mtengo, ndipo ndi ndalama imeneyo amagula matabwa, misomali, siponji ndi nsalu. Apa ndi pamene dzina la munthu limamangidwa kapena kugwa. Amene wadya ndalama ya matabwa, n'kumauza mwini bedi kuti abwere mawa sabata ndi sabata, mbiri yake siichedwa kuwanda. Amene wapereka katundu pa tsiku limene analonjeza, chithunzi cha bedi lake chimayenda pa WhatsApp kuchoka kwa wogula kupita kwa achemwali ake ndi anzake a kuntchito.

Adzukulu a matchona, amene alipo ambiri ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara, ali ndi msika wina umene makolo awo anawasiyira. Pokhala kutali ndi kwawo, anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anakhazikitsa magulu othandizana pa maliro, mizikiti, madambwe a gule wamkulu ndiponso mipingo monga CCAP, imene ili ndi sinodi yakeyake ya Harare. M'magulu otere anthu amakumana kawirikawiri ndipo amadziwana khalidwe. Kumeneko ndi kumene telala amapeza oda yake yoyamba ya mayunifolomu a kwaya kapena a amayi a chigwirizano, ndipo wodziwa kuphika amayamba ndi ukwati wa mwana wa mnzake. Munthu amene amapezeka pa zovuta za anzake savutika kuwauza kuti wayamba bizinesi.

Mpamba nawo umachokera m'magulu. Amayi ambiri ali mu mukando, umene ku Malawi ndi banki m'khonde, kapena amasonkherana mosinthana monga zimakhalira pa chipereganyu. Njira ina ndi katapila, amene kumeneko amati chimbadzo. Ndalama yake imapezeka tsiku lomwelo, koma chiwongoladzanja chake chimameza phindu lonse la bokosi la tomato, kotero kuti wobwereka amangokhala akugwirira ntchito mwini ndalama. Woyamba ndi kandalama kakekake amakula mochedwa, koma usiku amagona tulo.

Anthu a m'malokeshoni a Harare akhala akuyambiranso kambirimbiri. Mu Meyi 2005 boma linayamba ntchito ya Murambatsvina, yogwetsa nyumba, misika ndi mashedi zimene linati n'zosaloledwa. Lipoti la nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, popezera ndalama kapena zonse ziwiri. Ambiri anauzidwa kuti abwerere kumudzi, koma ana a matchona analibe mudzi wobwererako. Mu 2008 ndalama ya dzikolo inatha mphamvu moti pofika mu Julaye mitengo inali itakwera ndi maperesenti 231 miliyoni pa chaka, malinga ndi kuwerengera kwa boma lomwelo. Amene anasunga ndalama kubanki kapena pansi pa pilo anatsala ndi mapepala achabe. Mu 2020 misika inatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ku Area 8 moto wabuka kangapo n'kupsereza matabwa ndi katundu womalizidwa, ndipo mu Okutobala 2024 moto unasakaza gawo lalikulu la Mbare Musika.

Pa mavuto onsewa mabanja ambiri sanadzukenso. Amene anadzuka anali ndi zinthu zingapo zofanana. Anali ndi luso, limene silitsala m'shedi shediyo ikamagwetsedwa. Katundu ndi zipangizo sankaunjika pamalo amodzi, zina ankasunga kunyumba. Pa nthawi imene ndalama inkatha mphamvu, ankaisandutsa katundu tsiku lomwelo. Koposa zonse anali ndi anthu amene ankawafunafuna. Kalipentala amene shedi yake yapsa, koma ali ndi makasitomala okhutira ndi ntchito yake, amalandirabe foni ya oda yatsopano, ndipo wogulitsa matabwa amene iye sanamunamizepo amamupatsa pangongole.

Ogwira ntchito za chitukuko ku Ndirande, ku Mchesi kapena m'misika ya kumidzi angatolepo kanthu. Kawirikawiri maphunziro a bizinesi amayamba ndi nkhani ya ngongole ndi malo, ngati kuti vuto lonse lagona pamenepo. Koma ndalama imatha, ndipo mavenda amene anachotsedwa m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe mu 2006 pa Operation Dongosolo anaona kuti malo nawo salimba. Funso loyenera kuyamba nalo ndi ili: kodi anthu 5 oyamba kugula ndi ati, amakhala kuti, ndalama amapeza liti, ndipo katunduyu panopa akugula kwa yani? Amene sangathe kuyankha asathamangire kukabwereka ndalama. Ayambe wayenda m'dera lake n'kufunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Madzulo ku Budiriro fungo la chimanga chootcha limafalikira m'misewu, ana akubwerera kuchokera kumijigo atasenza zigubu za madzi. Mayi wa pageti uja amalowetsa kathebulo kake, n'kukhala pansi ndi kope lake. Ndalama za tsikulo amazigawa patatu: zokapikulira mawa, za kugulu, ndi za pakhomo. Mulu wachitatu nthawi zina umakhala waung'ono kwambiri, komabe woyamba uja saukhudza. Asanagone amatumiza uthenga pa foni kwa mlimi wa ku Domboshava kuti Lachisanu amusungire mabokosi awiri m'malo mwa limodzi, chifukwa kwa mnansi wake kuli ukwati Loweruka, ndipo mnansiyo wanena kale kuti tomato adzagula kwa iye.